Dimba la amayi ndi mikono ya mng'ono wanga

"Kodi amake khanda, mikono ija munaisiya m'chikuta?"

Anandifunsa motero amayi a nyumba yoyandikana ndi yanga, amene ndinkasinja nawo mtondo umodzi chikwatiwire iwo m'mudzi mwathu kuno kwa Mlolo. Linali tsiku langa loyamba kugwira munsi chibadwire mwana wanga wachiwiri. Anafunsa moseka, ndipo akazi ena amene ankapeta pambali anaseka nawo. Inenso ndinaseka, poti ukapanda kuseka pamtondo ndiye kuti wawapatsa nkhani yokakamba kuchitsime. Koma munsi unali utandikana. Ndikaukweza unkalekera pachibwano, potsika unkangogwa wokha ngati chipika, chimanga n'kumadumphira kunja.

Anthu awiri akamasinja mtondo umodzi, wina akakweza wina amatsitsa. Mmodzi akachedwa, minsi imagundana. Tsiku limenelo inagundana mpaka anzangawo anaima n'kugwira m'chiuno.

"Mutiswera mtondo inu. Kapumuleni, mwana akulira uyo. Iwe mtsikana, tabwera udzalandire akulu ako!"

Mtsikana amene ankamuitanayo anali mng'ono wanga, wondipondera pamutu. Analandira munsi ndi dzanja limodzi ngati akulandira mthiko. Ine ndinakhala pansi n'kuika mwana kubere, maso ali pa iye. Nsalu anali atamangira m'khwapa, mapewa ali poyera. Akakweza munsi, pamkono pankatupa katumba ngati mbatata, ndipo pakati pa mapewa minofu inkayendayenda pansi pa khungu. Mtondo unayamba kuyankha bwino, mpaka akazi opeta aja anayambitsa nyimbo.

"Eyaa, uku ndiye kusinja," anatero anzanga aja.

Mawu amenewo kale ankanenera ine.

Chonsecho mtsikana ameneyu anakulira m'manja mwanga ali kanthu kowonda. Pochokera kuchitsime ndinkamusenzera mtsuko pokwera chitunda. Kumunda amayi ankamupatsa kakhasu kakutha n'kumuuza kuti azingokutumula udzu. Wamphamvu pabanja pathu ndinali ine, ndipo panalibe wotsutsa. Ngakhale amuna anga anandionera pamtondo.

Mwana ndinabereka nthawi ya dowe, mvula ikupita kumapeto. Nditangotuluka m'chikuta malungo anandigwira, bere limodzi n'kutupa, ndipo ndinagona pamphasa masika onse. Anthu anakolola ine ndikungomva. Amayi anali atamwalira chaka chapitacho. Amuna anga ananyamuka atangobzala, kupita kunja kwa dziko, kumapulazi a fodya ku Walale, monga ankachitira amuna ambiri a kwathu zaka zija za Chitaganya. Wondiphikira phala anali mng'ono wanga yemweyo, zimenezo sindikana. Pamene ndinkadzuka, mphepo yozizira itayamba, ndinazinga mkono wanga ndi zala pamwamba pa chigongono, ndipo chala chachikulu ndi chapakati zinatsala pang'ono kukumana. Mnofu umene ndinauumba kuyambira utsikana unali utatha ndili chigonere. Sindinkadziwa kuti mphasa imadya munthu chotero.

Miyezi yomweyo imene ine ndinkasungunuka, iye ankafufuma. Aroma ankamanga katchalitchi ka njerwa kutsidya kwa dambo, ndipo mnyamata amene anamutomera anali wa mpingo umenewo. Mng'ono wanga analowa kalasi la ubatizo, ndipo a kalasi ndiwo ankatuta miyala ya maziko, kenako madzi ndi njerwa. Akandimwetsa phala m'mawa ankathamangira komweko. Masana aliyense ankalandira phoso, nsima ndi nyemba zodzaza mbale, nthawi zina khobwe, ndipo ansembe akabwera kudzaona ntchito pankagwa mbuzi. Lamulungu sankagwira kanthu. Anayamba ndi njerwa zochepa pankhata, womanga n'kumamuwonjezera pang'onopang'ono, mpaka ankasenza mulu umene anyamata ankaucheukira.

Zikanathera pamtondo ndikanapirira. Ine ndine munthu wodikira. Koma patangopita masiku ochepa atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amene ankayang'anira mbumba yathu, anatiitanira tonse awiri kudimba la amayi.

Dimba limenelo lili m'mphepete mwa dambo, dothi lake lakuda bii, lonyowa ngakhale m'chilimwe. Amayi anabzalamo nthochi kumalire ndi nzimbe kumunsi, n'kukumbamo kachitsime ndi manja awo. Munthu wa dimba amabzala chimanga mvula isanabwere, ndipo mwezi uja umene nkhokwe zimalira pansi, ana ake amakhala akukukuta dowe. Ife tinakula osadziwa kugona ndi njala chifukwa cha malo amenewo. Koma chimwalirire amayi panalibe analowamo ndi khasu, ndipo nsenjere zinali zitafika m'mapewa.

"Dimba la mlongo wanga lagona chaka," anatero atsibweni. "Likagona chachiwiri, a kutsidya aja alowamo, ndipo ine sindidzapita kukakangana ndi anthu chifukwa cha tchire."

Anadula bango n'kumazika pakati pa dimba kuchokera kunthochi mpaka kumadzi.

"Uku kwa iwe wamkulu, uko kwa wamng'ono. Mitengo ya mombo ikadzafiira masamba ndidzabwera. Amene kwake ndidzakupeze kuli udzu, asiyire mnzake. Dimba si la mkulu, ndi la khasu."

"Atsibweni, inetu ndangodzuka kumene," ndinatero.

"Ndiye wadzukatu," anayankha, n'kumapita.

Mng'ono wanga anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana mapewa ake.

Akuluakulu ankati mphamvu zimabwera ndi ntchito, ndipo ine ndinaona kuti n'zoona, poti umboni unali kugona m'nyumba ya amayi, ukudya nyemba. Ndinaganiza kuti ngati iye wakula mikono chifukwa cha njerwa, ine ndigwira ntchito yoposa yake ndipo mikono ibwerera msanga. Ndinkalawirira mame asanaume, khanda kumsana, kamtsikana kanga koyamba kakunditsata ndi chikho. Ndinkagoneka mwana pamthunzi wa nthochi n'kuyamba kugaula. Dothi la kudambo silili ngati la kumunda. Mizu ya nsenjere imalukana pansi ngati mphasa, ndipo khasu likalowa limafuna munthu wolizula. Ndinkatema kawiri katatu pamalo amodzi kuti chibuma chimodzi chitembenuke. Dzuwa likafika pamutu sindinkabwerera kumudzi. Lamulungu, ng'oma ya Aroma ikamalira kutsidya, ine ndinali momwemo, n'kumadziuza kuti tsiku limeneli ndamupitirira.

Mng'ono wanga ankabwera madzulo okha, akaweruka kunjerwa. Ankalavulira m'manja, n'kuyamba. Khasu lake linkalowa kamodzi, chibuma n'kugadama chonse ndi mizu yake. Ankaimba nyimbo za kukalasi kwawo uku akulima. Dzuwa lisanalowe anali atagaula malo amene ine ndinkathera tsiku lathunthu. Ndinkachita ngati ndikuchotsa dothi kukhasu, koma ndinkamuyang'ana m'mbali mwa diso: miyendo yake itazikika m'matope, akatumba ali gwa, msana wosapindika ngati wanga. Sindinkamufunira choipa. Ndinkangofuna mikono imeneyo ikhale pa ine, kumene inali kwawo.

Za chakudya sindinaziganize kuti zili ndi mbali. Kusukulu ya m'mudzi tinaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kusoka, koma za chimene chimaumba mnofu sanatiuze. Kwa ine kudya kunali kukhuta. Ndinkadya nsima ndi mfutso wa nkhwani wothira mchere wokha, tsiku lina therere, ndipo m'mimba mukadzaza ndinkati ndadya.

Si kuti pakhomo panalibe kanthu. Nsawa zinalipo. Pamene ndinkadwala, apongozi anabwera kuchokera kwa Zemba ndi ana awo aakazi kudzakumba nsawa zimene anabzala mwana wawo. Anazithira m'kankhokwe kuseri kwa nyumba n'kumata ndi dothi pamwamba ndi m'mbali. Zala zawo zinatsala zikuoneka padothipo. Anati, "Izi ndi mbewu. Zotsala adzatsegula mwini wake akabwera." Nkhuku nazo zinalipo. Koma mkazi amene mwamuna wake ali kuulendo akapha nkhuku, nthenga zisanauluke mudzi wonse wafunsa kale kuti mlendo wake ndani. Mazira kwathu mkazi sankadya, ankati amavutitsa pobereka. Mbewa zimafuna mwamuna pakhomo wokakumba. Choncho ndinkadutsa pakati pa zakudya zanga ndi mbale ya masamba, khanda likuyamwa usana ndi usiku.

M'malo mokula, mikono inapitiriza kuchepa. Ndikaweramuka maso ankachita mdima. M'mawa mapewa ankakhala olimba ngati thabwa, ndipo kuwawa kwa dzulo kunkakumana ndi kwa lero. Ndinapita kwa mkulu wina wodziwa mankhwala, amene ananditema mphini m'mapewa ndi m'mikono n'kupakamo zakuda. Ndinamupatsa thadzi langa loikira bwino. Nkhuku imene sindikanatha kudya ine anakadya iye, ndipo ndinamva kuti msuzi wake unali wabwino.

Tsiku lina madzulo mng'ono wanga anadumpha bango lija atanyamula kanthu kokulunga m'tsamba la nthochi.

"Akulu, ndakusungirani izi."

Ndinatsegula. Zinali nyemba zophika, phoso lake la masana.

"Za Aroma?"

"Nyemba zilibe mpingo, akulu."

"Iwe wadya chiyani?"

"Nsima. Mawa ndikadyanso zina." Anakhala pachibuma n'kuyang'ana mikono yanga, ndipo ine ndinakokera nsalu m'mapewa. "Ifetu kunjerwa masiku oyamba tinkalira. Mapewa ankatentha ngati wina wathirapo phulusa lamoto. Koma ukadya n'kugona, Lamulungu n'kupuma, Lolemba umapeza njerwa zapepuka. Inu mukulima osadya ndiwo, osapuma. Khasu likukudyani. Bwanji muzibwera kunjerwa masiku ena? Alipo amayi a makanda, amawagoneka pamthunzi."

"Kuti apongozi amve kuti mkazi wa mwana wawo akusenzera Aroma njerwa?"

Kwawo kwa amuna anga ndi kwa gule, ndipo iwo ndi Aroma sankamwerana madzi. Iye ankadziwa zimenezo.

"Ndiye idyani izi zokha."

"Wayamba liti kundiphunzitsa khasu, iwe amene ndinkakusenzera mtsuko?"

Anaseka. "Mtsuko uja mudzaunena mpaka kumanda."

Nyembazo ndinapatsa kamtsikana kanga, kamene kanali katayamba kale kumeza malovu. Mawa lake anabweretsanso, ndinachitanso chimodzimodzi. Mayi sadya nyemba mwana akuyang'ana. Komanso, kunena zoona, zikanandikakamira pakhosi. Kenako njerwa zinakwana, uvuni unayatsidwa, phoso linatha, ndipo nkhani ya nyemba inathera pomwepo. Iye tsopano anali ndi masiku athunthu. Mbali yake anaimaliza, anaphwanya zibuma, anakonza mizere. Kwanga udzu unali udakali woposa pamene ndinalima.

M'mawa wina popita kudimba ndinaona nsonga za mombo zitayamba kutupa. Ndinaima panjira nthawi yaitali. Mawu a mtsikana uja anali atandikhala m'mutu ngakhale sindinawafune, poti mphini zinali zitapola koma khasu linkalemerabe. Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga mpini, n'kuswa dothi la kankhokwe kaja dzuwa likuswa mtengo, pomwe panali zala za apongozi.

Anzanga a pamtondo aja anasuzumira pampanda.

"Ee! Abambo afika osatiuza?"

"Sanafike."

"Nanga akutsegula nkhokwe ndani?"

"Njala yanga."

"Hii, amake khanda! Kwa Zemba amva lero lomwe."

"Mukawauze ndinu, miyendo muli nayo."

Ndinakazinga, ndinasinja nsinjiro, ndinathira m'phala, mumfutso, m'chilichonse. Ndinkapita kudimba nsawa zili pamfundo ya nsalu. Masana ndinayamba kugona pang'ono pambali pa mwana. Ndipo zinayamba kusintha. Mdima wa m'maso unaleka. Mkaka unachuluka, mwana n'kuyamba kugona bwino. Khasu linayamba kulowa kawiri m'malo mwa katatu. Madzulo ndikazinga mkono ndi zala ndinkamva kanthu kolimba pansi pa khungu, kakang'ono ngati dzira la njiwa. Ndinkakagwiragwira ngati mwana wapeza mkanda. Koma mnofu si bowa womera usiku umodzi. Umabwera mwaulemu, ndipo mombo sudikira munthu.

Ndikanalimbana nawobe udzu wotsalawo, mwina ndikanaumaliza, mwina ayi. Koma kunabwera uthenga wa maliro kwa Zemba, a mlongo wawo wa apongozi. Mkamwana sajomba maliro a kuchimuna, makamaka amene waswa nkhokwe. Ndinabereka mwana n'kupita. Kumeneko ndinatunga madzi, ndinaphika, ndinamva mawu onse amene apongozi anandisungira okhudza nsawa, ndinayankha kuti ndamva. Pobwerera, mapiri onse anali atafiira ndi mombo.

Sindinalowe n'komwe m'nyumba, ndinalunjika kudimba. Udzu munalibe. Mbali yanga yonse inali yogaulidwa mpaka kumadzi, ndipo mng'ono wanga anali ataima pakati pake, khasu paphewa, akumwetulira.

"Ndati ndikuthandizeni, akulu, atsibweni asapeze udzu."

Ndinayang'ana pansi. Pamene ndinalima ine zibuma zinali ngati zibakera. Pamene analima iye zinali ngati mitsuko. Malire ake ankaoneka kuposa bango lija. Ngakhale mwana akanaloza.

"Unakufunsa ndani?"

"Palibe. Nanga ndikanangoyang'ana?"

Nkhani imeneyi ndaitembenuza kambirimbiri. Kwathu aliyense amadziwa kuti amene waswa nthaka ndiye amakhala ndi mawu pa nthakayo. Kodi iye sankadziwa? Nkhope yake tsiku limenelo inali ya munthu amene wabweretsa mphatso. Mwina analidi choncho. Munthu wamphamvu amachita zinthu mosaganiza, poti kwa iye n'zopepuka.

Atsibweni anabwera mawa lake. Anayenda m'mbali mwanga pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anaima pamene zibakera zinkathera ndi mitsuko kuyambira.

"Apa walima ndani?"

"Akulu," anatero mng'ono wanga msangamsanga.

Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. "Aroma akuphunzitsa bodza loonekera chonchi?" Anatenga khasu la mng'ono wanga n'kundipatsa ine, n'kuloza kumalire kumene kunatsala kachigamba ka nsenjere. "Tanditembenuzira chimodzi chonga ichi."

Ndinamanga nsalu. Ndinalavulira m'manja. Ndinakweza khasu ndi zonse zimene nsawa zinandipatsa, ndipo linalowa bwino, kuposa masiku onse. Koma pozula mizu inagwira, ndipo chimene chinatembenuka chinali ngati papaya wamng'ono.

"Munati udzu, atsibweni," ndinatero. "Udzu uli kuti?"

"Ndinatinso khasu."

"Mikono ikubwera. Taonani." Ndinapinda mkono kuwaonetsa kadzira kaja. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbuka kuti ndinapindira mkono atsibweni ngati kamnyamata kobusa mbuzi.

Anayang'ana, ndipo sanaseke. "Ikadzabwera udzalime kumunda. Pano pafunika kuphwanya, kubzala, kuthirira ndi mtsuko m'mawa ndi madzulo mpaka mvula. Uli ndi khanda, mwamuna kulibe. Uyu akukwatiwa mwezi uno, adzakhala awiri. Ndisiye theka la dimba lizidikira mikono?"

Anayamba kuzula bango limodzilimodzi n'kumaponya m'madzi. Mng'ono wanga anayamba kulira.

"Akulu, muzidzathyola ndiwo nthawi iliyonse. Ndi dowe yemwe. Musamadzapemphe n'komwe."

Ndinamubwezera khasu lake. Ankandiitana kukhala mlendo pachitsime chimene ndinathandiza amayi kukumba iye akusewera ndi matope.

Mikono inabweradi. Ndinadya nsawa zotsala mpaka kankhokwe kanayera, dzinja ndinalima kumunda, khobwe atacha ndinadya osayang'ana nkhope ya munthu, ndipo pofika masika ena ndinkasinja ndi aliyense minsi osagundana. Ntchito inali yomweyo imene inkandiwondetsa, chosiyana chinali m'mbale. Koma pamenepo mwamuna wa mng'ono wanga anali atazinga kale dimba lonse ndi mpanda waminga, n'kuikapo chitseko. Timalankhulana, timapatsana moto ndi mchere. Ana ake amanditcha mayi wamkulu ndipo ndimawakonda. Koma ndikamuona akukwera chitunda, mtolo wa nzimbe pamutu, khosi lili chilili, ndimapeza chochita kuseri kwa nyumba mpaka adutse.

Ndinataya dimba la amayi, mbali yanga ndi chiyembekezo cha inayo, pamodzi ndi nthochi zake ndi kachitsime. Ndinataya mbewu ya nsawa ya chaka chimenecho, moti munda wa nsawa unagona. Ndinataya thadzi loikira, ndi mawu abwino a apongozi. Ndipo mwezi wa njala ana anga anadya dowe wopatsidwa.